Mako ndi mako angachepe mwendo, koma mwendowo wachepa bwanji?

Sabata ino ndabwera ndi mlandu, abale anga, ndipo woimbidwa mlanduwo ndine ndemwe. Koma musathamangire kukhala pampando wa nyakwawa, chifukwa ndikukayika ngati tikafike kumapeto inu mulibe mbali yanu.

Munthu amene wakuvutikira moyo wake wonse, ukamuuza kuti "khalani pansi tsopano, mwagwira ntchito mokwanira, zotsalazi tisiyireni ife," wamuchitira ulemu kapena wamulanda kanthu? Mwina museka kuti funso lanji limeneli, mesa ndi zimene mwana aliyense woleredwa bwino amalakalaka. Inenso ndinkatero. Ndinkatero mpaka tsiku lina pamaliro ku Ntcheu, pamene ndinaona mayi anga akulephera kudzuka pamphasa.

Bambo atatisiya, ife ana tinagwirizana kuti Amayi asakhale okha kumudzi. Anali ndi zaka 71. Ine ndi amene ndinali ndi nyumba yokulirapo ku Lilongwe, ndiye mwayi unagwera ine, ndipo ndinaulandira ndi manja awiri. Ndinkadziuza kuti nthawi yakwana yoti mayi amene anandiphunzitsa ndi ndalama za kachewere adyerere thukuta lawo.

Ndikufuna muwaone bwinobwino mayi amene ndinakatenga aja. Kunja kusanayere anali atadzuka kale. Ankasesa pabwalo ndi tsache lija lalifupi, atawerama mpaka bwalo lonse litayera. Ankapita kumjigo ndi kandowa kakang'ono, poti zidebe zikuluzikulu anali atasiyira adzukulu. Ankatsetserekera kudimba, n'kukwera chitunda pobwerera, mpiru uli m'manja. Pophika ankanjuta pamafuwa. Masana ankakhala pamphasa atatambalala, msana uli njo ngati wa mtsikana, akusankha nyemba, ndipo nkhuku ikalowa m'nyumba ankangoti nyamu, lichero lili m'manja, osagwira pansi, osagwira khoma. Chimbudzi chinali chokumba, ndiye kunjuta kunali kwa tsiku ndi tsiku. Ndikamawerengera lero, ndikuona kuti pa tsiku ankafika pansi ndi kudzukanso mwina ka 20, osadziwa n'komwe kuti akuchita chinthu chimene anthu ena amalipira ndalama ku jimu.

Ku Lilongwe anapeza mpanda wa njerwa, geti lachitsulo, matailosi, sofa, TV ndi mtsikana wantchito. Tsiku loyamba anadzuka m'mamawa n'kuyamba kufunafuna tsache. Mayi a kunyumba kwanga anathamanga: "Amayi siyani, mutichititsa manyazi." Anafuna kuchapa zovala zawo, tinakaniza. Anafuna kuyenda wapansi popita kutchalitchi, ulendo wa mphindi 15 basi, ine ndinati galimoto ilipo, anthu aziti chiyani. Anapempha mphasa kuti azikhala pakhonde, ndinawagulira mpando wawofuwofu. Kuseri kwa nyumba kunali kamalo koti n'kudzalapo masamba, ine ndinathirapo simenti kuti kusamachite matope. Chilichonse chimene ankafuna kugwira, dzanja lina linkafikapo msanga. Ndipo ndikuuzeni zoona, mumtima ndinkamva kukoma. Anzanga akabwera n'kuwapeza Amayi ali pasofa, atavala bwino, tiyi ali patebulo, ndinkadziona kuti ndine mwana weniweni.

Ananenepako pang'ono, ife tinati tauni yawayanja. Anayamba kugwira m'mbali mwa sofa podzuka, tinati ndi ukalamba. Anayamba kukoka mapazi poyenda, tinati ndi nyamakazi, tinagula mafuta opaka.

Patatha chaka ndi miyezi iwiri kunagwa maliro kumudzi. Mukudziwa mmene timakhalira pamwambo: azimayi pansi mbali yawo, ife amuna pamabenchi mbali yathu. Amayi anakhala pansi mochita kugwiriziridwa. Itakwana nthawi yonyamuka kupita kumanda, anzawo onse anadzuka, iwo anatsala. Anayesa kutsamiza dzanja, bondo linakana. Anayesa kutembenuka kuti agwade kaye, chiuno chinakana. Ine ndili pabenchi, ndikuona zonse. Amene anawadzutsa anali mayi aakulu, mkulu wawo wa bere limodzi, wowaposa ndi zaka 4, amene sanachokepo kumudzi.

Madzulo mayi aakuluwo anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Sanakalipe ayi. Anangofunsa kuti, "Kodi mwana wanga, mng'ono wangayu mwamutani kutauniko? Mumam'mana chakudya?" Ndinati ayi, amadya bwino kuposa kale. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Nanga miyendo yake yapita kuti?"

Ndinalibe yankho, ndipo n'chifukwa chake nditabwerera ndinayamba kufunsa ndi kuwerenga.

Cholakwika changa choyamba chinali kuganiza kuti thupi la munthu lili ngati khasu. Khasu limatha ukamalimira, ukalisunga m'nyumba limakhalitsa. Ife tinawasunga Amayi ngati mbale zija zagalasi za m'kabati, zodikira alendo. Koma thupi limatha ukamalisunga. Thupi ndi louma manja: silidyetsa mnofu umene sukugwira ntchito. Likaona kuti ntchafu sizikukweranso chitunda, sizikunyamulanso mwini wake kuchoka pansi, limayamba kuzichepetsa. Izi zimachitika kale ndi zaka zokha. Munthu akapitirira zaka 30, minofu imatsika ndi pakati pa 3 ndi 8 peresenti pa zaka 10 zilizonse, ndipo akadutsa 60 kutsikako kumafulumira. Madokotala anakupatsa dzina lochokera ku Chigiriki loti sarcopenia, limene tanthauzo lake ndi umphawi wa mnofu. Dzinali limandisangalatsa, chifukwa ine ndinachotsa mayi anga mu umphawi wina n'kuwalowetsa mu umphawi umenewu.

Kukhala pansi kumathamangitsa zinthu kuposa mmene mungaganizire. M'chaka cha 2007, magazini ya madokotala yotchedwa JAMA inasindikiza zimene anapeza ku America atagoneka pabedi anthu achikulire athanzi, a zaka pafupifupi 67, kwa masiku 10 okha. Sanali odwala, ndipo ankadya. Pakutha pa masiku 10 amenewo, m'miyendo mwawo munali mutachoka mnofu wolemera pafupifupi kilogalamu imodzi. Pitani kubutchala mukaone kukula kwa kilo ya nyama yopanda fupa, ndiye muganize kuti yachoka m'ntchafu za mayi anu. Zoona, sofa si bedi, Amayi ankadzukako kupita kubafa ndi kutebulo. Koma awo anali masiku 10, ife tinachita miyezi 14.

Ndiye pali nkhani ya m'mfundo. Kumapeto kwa mafupa, m'mawondo ndi m'chiuno, kuli kanthu koyera koterera, kaja mumakukuta mukamaliza mwendo wa nkhuku. Kanthu kameneka kalibe mitsempha ya magazi. Chakudya chake kamachipeza m'madzi a m'mfundomo, ndipo madziwo amalowa ndi kutuluka mfundo ikamapindika ndi kusenza thupi, ngati siponji imene mukuifinya n'kuisiya. Komanso mfundo imasunga mlingo umene mwini wake amaigwiritsa. Pasofa bondo limapinda theka. Ponjuta limapinda lonse, akakolo ndi chiuno n'kupinda nawo. Bondo likakhala chaka lisanafike kumapeto kwa kupinda kwake, minofu ndi mitsempha yozungulira imauma n'kuzolowera theka lomwelo. Tsiku limene mwini wake adzafune kufika pansi, amapeza njira yatsekeka. Zimene zinawachitikira Amayi pamaliro paja n'zimenezi.

Kenako pamabwera mantha. Munthu akafooka miyendo amayamba kuopa kugwa. Akaopa kugwa amachepetsa kuyenda, ndipo ife omukonda timamuthandiza kuchepetsa: "Khalani, mungagwe." Akachepetsa kuyenda amafookeratu, ndipo tsiku lina amagwadi, pamatailosi onyowa a m'bafa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 684,000 amafa chaka chilichonse chifukwa cha kugwa, ndipo ochuluka mwa iwo ndi opitirira zaka 60. Nonse mukudziwa gogo wina amene anali bwinobwino, anathyoka fupa la m'chiuno, anagona, ndipo sanadzukenso.

Tsopano ndikudziwa kuti ena mwa inu magazi awira kale. Mukuti: iwe, ukufuna kutiuza kuti agogo azisenza nkhuni kuti akhale athanzi? Ukufuna tiziombera m'manja umphawi? Funso limenelo ndi lachilungamo ndipo sindilithawa. M'midzi mwathu muli agogo amene akulera ana amasiye, akuyenda m'maganyu m'mimba muli pululu, akusenza mitolo imene ngakhale mnyamata angaidandaule. Misana yawo inapindika kalekale, m'mawondo munatha, ndipo sikuti ndi athanzi chifukwa choti sakhala pansi. Ntchito yopanda kupuma, yopanda chakudya chokwanira, imene munthu sangaisiye ngakhale thupi likulira, imathyola. Aliyense amene angawauze agogo otero kuti akuchita masewera olimbitsa thupi ndi wachipongwe. Amenewo afunika kuwatula katundu, lero lomwe, ndipo mwana amene amatumiza ndalama kuti alembe waganyu wolima munda wa makolo ake akuchita bwino.

Kulakwa kwanga kunali kwina. M'moyo wa Amayi munali zinthu ziwiri zomera pamzere umodzi: mtolo ndi kuyenda. Ine popalira ndinazula udzu pamodzi ndi chimanga. Ndikanatha kuchotsa kulima ekala yathunthu n'kusiya kadimba. Ndikanatha kuchotsa chidebe chamadzi n'kusiya ulendo wa kumjigo, umene unalinso ulendo wokacheza ndi anzawo. Sindinasiyanitse, chifukwa m'maso mwanga mayi wogwira tsache anali mayi wovutika basi.

Ndipo apa ndi pamene mlandu uja ukuwawira. Ndadzifunsa kambirimbiri: ulemu umene ndinkapereka uja, unali wa ndani? Kumbukirani mawu amene tinkanena. "Mutichititsa manyazi." "Anthu aziti chiyani." M'mawu amenewa Amayi mulibemo. Muli ife, ndi anthu otiyang'ana. Mayi wokhala pasofa anali satifiketi yanga, yoonetsa kuti mwana wa ku Ntcheu uja zinamuyendera. Mayi woyenda wapansi pamsewu wafumbi, galimoto ili m'mpanda, akanakhala chitonzo changa. Sindikunena kuti chikondi panalibe, chinalipo chambiri. Koma chinali chitasakanikirana ndi kudzionetsa, moti sindinkatha kuona kuti ichi n'chiti, icho n'chiti. Dzifunseni nanunso, inu amene munawatenga amayi kapena abambo, inu amene muli ku Joni kapena ku UK ndipo mumaimba foni kulamula kuti asagwire kanthu: mukadziwa kuti palibe amene adzaone kapena kumva, mungawakanizebe tsache?

Palinso china chimene ndinawalanda, choposa mnofu. Patapita nthawi ndinawafunsa kuti masiku aja ankaganiza chiyani akakhala pasofa tsiku lonse. Anati, "Ndinkangodikira kuti kude." Mayi amene mudzi wonse unkawadalira pa zophika za pamaliro, pa kulangiza atsikana, pa mbewu ya nyemba, tinawasandutsa mlendo m'nyumba ya mwana wawo. Paja mlendo sagwira tsache. Timakonda kunena kuti munthu ndi munthu chifukwa cha anzake, koma timamva mbali imodzi yokha, yolandira. Munthu amakhalanso munthu chifukwa pali wina amene akumudikira kuti amuchitire kanthu. Ukamuchotsera zimenezo, alibenso chodzukira, ndipo miyendo imamva msanga kuti mwini wake alibe kopita.

Koma nkhaniyi ili ndi mbali ina imene sindinaithe, ndipo mwina inu mundithandiza. Amayi ankafuna kugwira ntchito, ife n'kumawaletsa. Nanga kholo limene likufuna lokha kukhala? Ndili ndi amalume anga, anapuma pa ntchito ya uphunzitsi. Iwo amati, "Ndinaima kutsogolo kwa ana zaka zonse zija, ndinapalasa njinga mpaka matako anachita zikang'a. Pano ndisiyeni ndi wailesi yanga." Ali ndi shuga, ali ndi BP, ndipo kuchipatala anawauza kuti aziyenda. Sayenda. Thupi ndi lawo. Kupuma anakugwirira ntchito. Ine mphwawo ndili ndi ufulu wanji wowadzutsa pampando? Komanso akadzagwa sitiroko, amene adzawatembenuze pabedi ndi kuwasambitsa ndi akazi awo, amene nawonso ndi okalamba. Ndiye thupilo ndi lawo okha zoona? M'banja lachimalawi palibe amene amadwala yekha.

Maganizo anga ndi oti kukakamiza n'kulakwa, ndipo sikugwiranso ntchito. Munthu wamkulu si mwana woti uzimulamula, ndipo mwana amene dzulo ankalamula kuti "khalani" lero akayamba kulamula kuti "yendani" sanasinthe kanthu, akulamulabe. Chimene tili nacho ngongole kwa makolo ndi choonadi: kuwauza mosabisa, mwaulemu, zimene mpando ukuchita ku thupi lawo, kenako kuwatsegulira njira. Ndipo njirayo iyenera kukhala yachikwathu. Kuno munthu sayenda popanda kolowera. Mzungu wokalamba akamazungulira m'mawa ndi nsapato zoyera, anthu amati akulimbitsa thupi. Agogo a kumudzi akamazungulira m'bandakucha opanda khasu, opanda ndowa, ena ayamba kunong'onezana za ufiti, ndipo mukudziwa zimene zachitikira okalamba m'dziko muno chifukwa cha manong'onong'o otero. Ndiye ulendo uzikhala ndi mutu: kukatenga mdzukulu kusukulu, kukagula tomato, kukazonda wodwala, kukaona mbuzi. Amalume aja amakana "kuyenda", koma mukawauza kuti pali mwana wa Sitandade 8 kutsidya amene masamu akumuvuta, amavala jekete. Kaya kumeneko ndi kuwalemekeza kapena kuwachenjerera, ine sindinagamule.

Chimene chinandilimbitsa mtima n'choti thupi silisunga mangawa. M'chaka cha 1990, dokotala wina dzina lake Maria Fiatarone ndi anzake, ku Boston, anatenga okalamba 10 a zaka zoyambira 86 mpaka 96, ofooka, okhala kunyumba yosungirako okalamba. Anawayambitsa kunyamula zolemera ndi miyendo, katatu pa sabata, kwa masabata 8. Anthu 9 anamaliza, ndipo mphamvu za m'miyendo mwawo zinakwera ndi 174 peresenti tikaphatikiza onse. Anthu a zaka 90! Mnofu wa nkhalamba umamvabe ukaitanidwa. Ngati zinatheka kwa amenewo, mayi a zaka 72 sanali otayika.

Ndisanakuuzeni mmene zinathera, ndikutembenukireni inu, chifukwa ambiri amene mukuwerenga pano si nkhalamba. Muli ndi zaka 28, 35, 45, foni ili m'manja, ndipo mwina mwakhala pamalo amodzi kuyambira m'mawa. Ku Rio de Janeiro, dokotala wina dzina lake Claudio Gil Araújo anakonza kamayeso kosavuta. Munthu amavula nsapato, amakhala pansi osagwira kanthu, n'kudzukanso osagwira kanthu. Amayamba ndi mapointi 10, ndipo akatsamiza dzanja, bondo kapena mkono, amachotseredwa imodzi. Mu 2012 iye ndi anzake anatulutsa zotsatira za anthu 2,002 a zaka 51 mpaka 80 amene anawatsatira kwa zaka pafupifupi 6. Amene anapeza mapointi otsikitsitsa anamwalira mochuluka kasanu kapena kuposerapo poyerekeza ndi amene anapeza apamwamba. Musamve molakwa, sikuti kulephera kudzuka pansi ndi kumene kumapha, kapena kuti mukakhoza ndiye imfa yakuiwalani. Kamayesoka kamangoulula zinthu zingapo nthawi imodzi: mphamvu za miyendo, kufewa kwa mfundo, kulemera kwa thupi, ndi kutha kuima osadzandira. Ngati mulibe vuto la mawondo kapena chiuno, tayesani pamphasa madzulo ano, pafupi pakhale munthu. Agogo anu a kumudzi mwina angakuposeni.

Nkhani yoti mpando umadwalitsa si yatsopano. Mu 1953 Jerry Morris anafalitsa zimene anapeza pakati pa ogwira ntchito m'mabasi a ku London, aja a nyumba ziwiri. Madalaivala ankakhala tsiku lonse, makondakitala ankakwera ndi kutsika masitepe tsiku lonse. Matenda a mtima anali ochepa kwa makondakitala. Basi imodzi, msewu umodzi, kusiyana kwake mpando. Ndikaona kondakitala wa minibasi akulendewera pachitseko, kudumpha, kukweza matumba, ndimati mwina mnyamatayu akudya bwino kuposa bwana ali kutsogoloyo, kungoti sakudziwa.

Ife a m'tauni tapanga mpando kukhala chizindikiro cha kutukuka. Wosauka amayenda, wolemera amakwera. Kuchoka pasiteji kufika kunyumba, mtunda umene makolo athu sakanautcha n'komwe ulendo, timaitana kabaza. Sindikunyoza, dzuwa la Okutobala ndimalidziwa, fumbi ndimalidziwa, ndipo m'misewu yathu yambiri woyenda pansi alibe malo ake, amachita kulimbirana ndi njinga zamoto. Koma tivomereze kuti nthawi zina si dzuwa, ndi manyazi omwe aja. WHO, m'malangizo ake a 2020, imati munthu wamkulu azichita zinthu zotenthetsa thupi, monga kuyenda mwandawala, kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata. Kumeneko ndi mphindi 30 kwa masiku asanu. Imatinso masiku awiri pa sabata azichita zolimbitsa minofu, ndipo opitirira zaka 65 aziwonjezera masiku atatu a zowathandiza kuima molimba kuti asamagwe. Palibe pamene akutchula jimu kapena nsapato zodula. Kusesa, kulima kadimba, kuvina kukwaya, kukwera chitunda, zonsezi zimawerengedwa. Mawondo amene mudzakhale nawo pa zaka 70 mukuwaumba panopa, ndipo ana anu akadzakukondani mmene ine ndinakondera mayi anga, mudzafunika kukhala ndi osungira ambiri.

Titabwerako kumaliro kuja ndinawatengera Amayi kuchipatala, ndipo atawayeza mtima ndi BP anatitumiza kwa a fiziyo. Ichi n'chofunika, musangodzutsa munthu wodwala mtima kapena wotupa mawondo n'kumuthamangitsa chifukwa mwawerenga nkhani pa Facebook. Mayi wa fiziyoyo sanatipatse mankhwala. Anawauza kuti akhale pampando wolimba, apinde manja pachifuwa, adzuke. Analephera. Anati ayambe ndi kugwira, ka 5, katatu pa tsiku, kenako azichepetsa kugwirako. Anawaonetsa kuima ndi mwendo umodzi atagwira khoma, kunyamuka ndi zala za kumapazi, kudziwongola m'mawa asanatsike pabedi. Kenako anatembenukira kwa ine n'kufunsa kuti, "Kodi kunyumba amagwira ntchito yanji?" Ndinayankha monyadira kuti sagwira ntchito iliyonse. Anandiyang'ana mmene anandiyang'anira mayi aakulu kuseri kwa nkhokwe kuja.

Loweruka lotsatira ndinaitana mnyamata ndi piki, tinaswa simenti ija. Mphasa inabwera. Tsache linabwerera kwa mwini wake, ndipo tinagwirizana kuti pakhonde ndi pabwalo ndi pawo, m'nyumba ndi mwa wantchito. Mayi a kunyumba zinawavuta kuposa ine, ndipo ndimawamvetsa: mwana akalola mayi ake kusesa anthu amati ndi wofatsa, koma mpongozi akalola amati ndi wankhanza. Mawu anabweradi. Mayi wina woyandikana nafe anafunsa pageti, moseka koma osaseka, kuti, "Kodi agogowa mwawalemba ntchito?" Mlongo wanga anaimba foni atakwiya, wina atamuuza kuti anawaona Amayi akuchokera kumsika wapansi. Tinakangana mpaka mayunitsi anatha.

Sindikunamizani kuti zonse zinabwerera. Pano ali ndi zaka 74. Kutchalitchi amapita wapansi, kukakhala matope ndi pamene amalola galimoto. Mpiru, chisoso ndi tomato zili kuseri, ndipo amatikalipira tikathyola osapempha. Pamphasa amakhala, ndipo amadzuka okha, koma ndi dzanja limodzi pansi ndi bondo limodzi. Kuja kongoti nyamu lichero lili m'manja sikunabwerere, ndipo sindikudziwa kuti pa zimene zinatayikazo, zingati zinatengedwa ndi zaka, zingati ndinatenga ine.

Lamulungu lapitali ndinakhala nawo pamphasapo tikusenda mtedza. Foni inalira m'nyumba. Ndinati ndidzuke mwachangu, osagwira pansi, ngati mmene amanenera dokotala wa ku Brazil uja. Ndinafika theka, bondo linalira, ndinabwerera pansi ndi matako, mtedza mbwee. Amayi anaseka mpaka misozi. Atatha kuseka anatsamiza dzanja, anagwada, anaimirira, n'kunditambasulira mkono.

"Zaka 43 zomwezi?" anatero. "Mawa galimoto muisiye. Mundiperekeze kumsika, mukanyamule dengu."